Kugwetsa mtengo wopendekeka pabwalo lopanikizana

Mvula yoyamba ya mu Novembala ikabwera ndi chimphepo chake mu Harare, nthaka imafewa, ndipo mitengo imene inaima bwinobwino chilimwe chonse imayamba kuonetsa kumene ikufuna kugwera. Ku Workington, dera la mafakitale, nyumba zosungiramo katundu ndi siteshoni yamagetsi ya mumzindawu, mabulugamu ataliatali ali m'mphepete mwa mipanda ndi njanji, koma kumeneko malo alipo ndipo makampani amalemba anthu odziwa ntchito. Vuto lili kumakomo kwa anthu amene amadzuka m'mamawa kupita kukagwira ntchito ku Workington: ku Rugare, ku Mbare, ku Kambuzuma, ku Mufakose, ku Highfield. Makolo athu amene anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito ya njanji ndi ya m'mafakitale, ambiri m'nthawi ya chitaganya cha 1953 mpaka 1963, anabzala mango, mapeyala ndi mabulosi pa timapuloti tawo. Mitengo ija lero yaposa malo ake. Wina waweramira denga la asibesitosi, wina wagonera durawall ya aneba, wina ukukhudza waya wa magetsi.

Masiku ano sowo ya injini, chainsaw, siisowanso. Mnyamata amaibwereka kwa mnzake, amayenda nayo m'misewu kufunafuna ganyu, ndipo mwini nyumba amasangalala kuti mtengo ugwa lero lomwe, nkhuni n'kupezekanso pa nthawi ino imene magetsi amangozimazima. Ndikufuna kuti inu amene mugwire sowoyo, kapena inu amene mulembe munthu ganyu, mumvetse chinthu chimodzi musanaithire petulo. Mtengo suugwetsera kumene ukufuna ndi mbali imene wacheka. Umauongolera ndi kachigawo kamene wasiya kosacheka pakati pa tsinde. Kachigawo kameneka kamagwira ntchito ngati hinji ya chitseko, ndipo tizikatchula choncho. Hinji ikakhalapo, mtengo umapita kumene mwaulozetsa. Mukaidula, mtengo umatsata kulemera kwake, ndipo palibe chingwe kapena kukuwa kumene kungaubweze.

Za chilolezo tinene mwachidule. Mtengo wa m'mbali mwa msewu ndi wa khonsolo ya mzinda wa Harare ngakhale ukhale pakhomo panu penipeni, ndipo mitengo yachilengedwe monga msasa ili ndi malamulo ake amene a Forestry Commission amayang'anira. Pitani ku ofesi ya khonsolo ya m'dera lanu mukafunse kaye. Safunsa adadya phula. Ngati mukuchita lendi, alandilodi avomereze. Aneba auzidwe tsiku ndi nthawi. Ndipo ngati nthambi ili pafupi ndi waya wa magetsi, kapena mtengo ungaufikire pogwa, ntchitoyo siyambika a kampani ya magetsi ya ZETDC asanabwere kudzaona ndi kuthimitsa. Mtengo wauwisi umadutsitsa magetsi, ndipo munthu wogwira tsinde kapena chingwe chonyowa amaphedwa ali pansi.

Tsopano uyang'aneni mtengowo modekha, chifukwa diso limanama. Thunthu litha kuoneka lowongoka pamene nthambi zolemera zonse zili mbali imodzi, ndipo mtengo umamvera nthambizo. Mangani mwala kuchingwe chaching'ono, imani chapatali, tambasulani dzanja, chingwecho chilendewere molunjika pakati pa nthambi zonse. Onani pamene mwalawo ukuloza pansi poyerekeza ndi tsinde. Chitani zimenezi kawiri: koyamba mutaima pamalo pamene mukufuna kuti mtengo ugwere, kachiwiri mutaima cham'mbali. Koyambako kukuuzani ngati mtengo wapendekera kumanja kapena kumanzere. Kachiwiriko kukuuzani ngati waweramira kutsogolo kapena wabwerera m'mbuyo. Pimani ndi mapazi kapena tepi kuti pakati pa nthambi pachoka patali bwanji ndi tsinde. Nambala imeneyo muisunge, muifuna posachedwa.

Kutalika kwake kupimeninso. Tengani kandodo kotalika ngati kuchokera padiso lanu kufika pachikhatho mutatambasula mkono. Kagwireni choimika, yendani chafutambuyo mpaka nsonga ya kandodo ilingane ndi nsonga ya mtengo, dzanja lanu lilingane ndi tsinde. Pamene mwaimapo ndi pamene nsonga ya mtengo idzafike. Anthu ambiri akayesa zimenezi amapezeka ali m'khitchini mwa aneba, kapena kutsidya kwa msewu. Mapuloti a m'madera athuwa ndi aang'ono, ambiri a masikweyamita 200 kapena 300, nyumba n'kutengapo theka. Mtengo wa mamita 15 ulibe pogwera pamalo otere. Ngati zili choncho, musadzivute ndi zonse zimene ndilongosole m'munsimu: mtengo wotere amaudula pang'onopang'ono kuyambira kumwamba, nthambi iliyonse n'kumaitsitsa ndi chingwe, ndipo ndi ntchito ya munthu amene anaphunzira kukwera atadzimangirira. Kukwera makwerero sowo ili m'manja ndiko kumene kwavulaza anthu ambiri. Nthambi ikaduka imazungulira n'kumenya makwerero, ndipo munthu amagwa limodzi ndi tcheni chikuzungulirabe.

Menyani thunthu ndi kumsana kwa nkhwangwa mozungulira. Likamalira ngati mulibe kanthu mkati, chiswe chinalowamo kale kapena laola. Mtengo wamphako sukhala ndi hinji yodalirika, chimodzimodzi mtengo wouma, umene ulusi wake umangothyoka osapindika. Ngakhale yauwisi imasiyana. Peyala, jakaranda ndi indya ndi mitengo yosachedwa kuthyoka, ndiye hinji yake imatha msanga mtengo usanafike patali. Bulugamu ali ndi ulusi wautali wogwira bwino, koma amang'aluka kwambiri. Fufuzaninso misomali ndi mawaya. Pabwalo la m'tauni palibe mtengo umene sunamangidweko waya woyanikira zovala, ndipo khungwa limaumeza wayayo zaka zikamapita. Tcheni chikakumana nawo mano amatha nthawi yomweyo.

Sowo yakeyo ikhale yabwino. Tcheni chakuthwa chimatulutsa tizipalapasiro tatikulu. Mukaona utuchi wosalala ngati ufa, imani munole ndi tupa. Buleki ya tcheni igwire ntchito. Ndaona masowo ambiri obwereketsa atachotsedwa chogwirira cha buleki ati chimasokoneza, ndipo sowo yotere ine sindingailole pakhomo panga. Petulo asakanizidwe ndi oyilo wa two-stroke monga mwini makina ananenera: a Stihl ndi a Husqvarna amafuna magawo 50 a petulo pa gawo limodzi la oyilo, kutanthauza mamililita 100 pa malita 5, pamene masowo ena otchipa amafuna oyilo wochulukirapo, choncho werengani pa thanki kapena m'kabuku kake. Chisoti, magalasi, zotseka m'makutu, magolovesi, jombo zolimba kutsogolo, ndi buluku loteteza miyendo ngati mungalipeze. Osati masilipasi. Ana, agalu ndi oonerera akhale kutali kawiri kutalika kwa mtengo, ndipo mumsewu muike munthu wamkulu woimitsa odutsa. Yambani m'mawa mphepo isanadzuke. Mu Ogasiti ndi Seputembala mphepo ya masana mu Harare imatha kutembenuza mtengo umene mwaudula bwinobwino.

Lambulani njira ziwiri zothawira, zonse kumbuyo kwa mtengo koma chopingasa, pafupifupi madigiri 45 mbali iyi ndi mbali inayo. Kumbuyo kwenikweni si kothawira, chifukwa tsinde likadumpha pachitsa limabwerera komweko. Chotsani mabeseni, njerwa, mipaipi ya madzi ndi chilichonse chopunthwitsa.

Kudula kumayamba ndi kukamwa, mbali imene mukufuna kuti mtengo ugwere. Chekani kuchokera pamwamba chotsetsereka, kenaka chekani pansi mopingasa, mpaka macheko awiriwo akumane ndipo chidutswa chituluke. Kukamwako kusalowe kwambiri: gawo limodzi mwa magawo asanu a kunenepa kwa thunthu, kapena limodzi mwa anayi. Kukhale kotseguka bwino, madigiri 70 kapena kuposa, kuti kusatsekeke mtengo usanayandikire pansi, pakuti kukangotsekeka hinji imaduka ndipo ulamuliro wanu umathera pomwepo. Chofunika kwambiri n'chakuti macheko awiriwo akumane ndendende. Limodzi likapitirira linzake, mwadula kale hinji mkati mosadziwa. Gwadani muyang'ane, konzani mpaka mzere wa mkatiwo ukhale woyera ndi wowongoka. Masowo ambiri ali ndi kamzere pachikuto chake kopingasa ndi bar, chitsulo chimene tcheni chimazungulirapo. Mukaika bar mkati mwa kukamwa, kamzereko kamaloza kumene mtengo upite.

Hinji ikhale yonenepa gawo limodzi mwa magawo khumi a thunthu. Pa mtengo wa masentimita 40, ndiye kuti kukamwa kulowe masentimita 8 mpaka 10, hinji ikhale ya masentimita 4, ndipo m'litali mwake ifike masentimita 32 kapena kuposerapo. Jambulani ndi choko mbali zonse ziwiri musanayambe kucheka kumbuyo. Cheko lakumbuyo likhale lopingasa, pamwamba pang'ono pa mzere wa kukamwa, ngati zala ziwiri. Osalitsetseretsa. Anthu ambiri amacheka kumbuyo chotsetsereka poganiza kuti zimaletsa mtengo kubwerera, koma zimangolepheretsa weji, kachida kokhomera m'cheko, kugwira ntchito yake.

Mtengo umene waweramira komwe mukufuna kuti ugwere umaoneka wophweka, koma ndi umene umapha. Kumbuyo kwake ulusi wakokeka kwambiri. Mukangoyamba kucheka kumbuyo mwachizolowezi, mtengo umayamba kugwa hinji ikadali yonenepa, thunthu limang'aluka chokwera, ndipo chibanthu chake chimadumphira m'mwamba pamene pali chibwano cha wodulayo. Bulugamu amachita zimenezi m'kuphethira kwa diso. Njira yake ndi kuboola. Yambani mwamanga thunthu ndi tcheni chachitsulo kapena lamba wolimba womangira katundu pa lole, pamwamba pang'ono pa pamene muchekepo. Dulani kukamwa kosaya. Kenaka mulowetse bar m'mbali mwa thunthu, kumbuyo kwa hinji, mpaka itulukire mbali inayo. Poboola pamafunika dzanja lophunzira. Sowo ikhale pa mphamvu yake yonse, muyambe ndi kunsi kwa nsonga ya bar, mudye kaye pang'ono mpaka nsongayo ibisike, kenaka muwongole sowo pang'onopang'ono ndi kuikankhira mkati. Kumtunda kwa nsonga kusakhudze mtengo poyamba, chifukwa kukakhudza sowo imadumphira kumaso kwanu mofulumira kuposa momwe mkono ungaigwirire. Amene sanaboolepo ayeserere pa chitsa kapena pa chipika chogona kambirimbiri, pali munthu wodziwa pambali pake, asanayese pa mtengo woima.

Bar ikatulukira, chekani chopita kutsogolo mpaka pa choko cha hinji, muime. Kenaka chekani chobwerera m'mbuyo, koma musatulukire: siyani chigwiriro kumbuyo kwenikweni, chonenepa ngati hinji kapena kuposa pang'ono. Apa mtengo waima pa zinthu ziwiri, hinji kutsogolo ndi chigwiriro kumbuyo, ndipo mkati monse mwadulidwa kale moti mulibe chong'aluka. Tulutsani sowo, yang'anani m'mwamba, yang'anani anthu, fuulani. Dulani chigwirirocho kuchokera kunja, mutaima cham'mbali mikono itatambasuka. Mtengo unyamuka nthawi yomweyo. Menyani buleki, yendani pa njira yanu yothawira mamita asanu kapena kuposa, maso ali pa mtengo. Sowo ikapanidwa isiyeni.

Mtengo umene wabwerera m'mbuyo, kunyumba mwachitsanzo pamene inu mukufuna ugwere kumsewu, uyenera kunyamulidwa kaye kufika poima chilili, kenaka upitirire. Ntchito imeneyi ndi ya maweji ndi chingwe. Maweji akhale apulasitiki kapena a aluminiyamu, ngakhale osema kuchokera ku mtengo wolimba wouma. Achitsulo amaswa tcheni chikawakhudza. Mutha kuwerengeratu ngati weji ikwanitsa. Gawani kutalika kwa mtengo ndi mtunda wochoka pa hinji kufika kumbuyo kwa thunthu, muchulukitse ndi kunenepa kwa weji. Mtengo wa mamita 12, ndiwo masentimita 1,200, mtunda wa masentimita 30: mupeza 40. Weji ya masentimita 2.5 isuntha nsonga masentimita 100, mita imodzi. Nambala ija munapima ndi mwala ikakhala theka la mita, weji imodzi ikwana. Ikafika mita kapena kupitirira pang'ono, pafunika maweji awiri osanjikiza ndi chingwe. Ikaposa pamenepo, makamaka nyumba ili kumbuyo, ine ndingati musiyeni woudula kuchokera kumwamba, chifukwa kukankha kwambiri kumathyola hinji, ndipo hinji ikathyoka mtengo umabwerera padenga lomwe mumaliteteza lija.

Kachekedwe kake ndi komweko: kukamwa, kuboola, hinji, chigwiriro. Kusiyana kwake n'kwakuti chigwirirocho muchisiye chakumbali pang'ono kuti papezeke polowetsa maweji kumbuyo, ndipo muwakhomerere zolimba musanachidule, apo ayi mtengo ukhalira sowo. Mukachidula, mtengo suyenda, umangokhala pa maweji. Zimitsani sowo, tengani hamala, menyani weji iyi kenaka inayo mosinthanasinthana, n'kumapuma pakati kuti muone nsonga ndi kumva kulira kwa hinji. Apa ndi pamene anthu amatopa n'kunena kuti tangochepetsako hinjiyo pang'ono. Musavomere.

Chingwe chimangidwe sowo isanalire, pamwamba kwenikweni, kupitirira theka la mtengo, ngati n'kotheka pa magawo awiri mwa atatu. Simuyenera kukwera: ponyani kachingwe kokhala ndi mwala padutse pamphanda yolimba, kakokereni chingwe chachikulu. Chikhale chotalika kawiri kuposa mtengo kuti okoka akhale kunja kwa pogwera, kapena chidutse pa pule yomangidwa patsinde la mtengo wina kuti iwo aime kumbali. Wintchi yamanja ndi yabwino kuposa anthu khumi, chifukwa imakoka pang'onopang'ono ndipo sibwezera. Anthu amakoka n'kupuma, mtengo n'kumagwedezeka uku ndi uku, ndipo kugwedezeka kumeneko kumatha hinji. Kumanga chingwe ku galimoto kapena kombi ndi njira yoipitsitsa: dalaivala samva kuti chingwe chafika pati, chimaduka n'kukwapula anthu, kapena mtengo umang'aluka wodula akadali patsinde. Poyamba chingwe chingokungika pang'ono. Kukoka kwenikweni kuyambe wodulayo atachoka, ndipo wolamula akhale mmodzi, iye yekhayo.

Wopendekera kumbali ndi umene umapezeka kwambiri pamakomo athu, chifukwa mitengo imathawa mthunzi wa nyumba kutsata dzuwa. Hinji imalimba pokankhidwa kutsogolo, koma pokokedwa cham'mbali imazuka. Ngati pakati pa nthambi pali mita imodzi kumanzere kwa tsinde, musalozetse kukamwa pa malo enieni amene mukufuna. Kulozetseni mita imodzi ndi theka kumanja kwa malowo, chifukwa kulemera kudzaukokera kumanzere pogwa. Hinji ikhale yonenepako mbali yakumanja, kumene ulusi wakokeka, koma kumanzere isathe. Weji ilowe mbali imene mtengo wapendekera kuti iuchirikize, ndipo inu mumalize kucheka mutaima mbali inayo, osati pansi pa kulemera kwake. Ngati kumanzereko kuli durawall kapena chimbudzi, onjezani chingwe china chomangidwa kumanja molunjika ndi hinji, choti chingogwira osati kukoka. Pa peyala ndi jakaranda musadalire hinji yonenepayo kwambiri. Popanda chingwe chakumbali mitengo imeneyi imapita kwawo.

Nthawi zina mtengo umagwa n'kukodwa pa unzake. Musadule wouchirikizawo, musakwerepo, musapite pansi pake. Ukokeni patsinde ndi wintchi mutaima patali, ndipo usagone usiku uli choncho ana akusewera pabwalo. Ukafika pansi, nthambi zimene zapanikizika zimakhala zitakungika; iliyonse muione kaye kuti ikufuna kudumphira kuti, muyambe kucheka pang'ono mbali imene yapanikizika, mumalizire mbali imene yakokeka. Mtengo umene wazuka ndi mphepo uli ndi msampha wina: mukadula thunthu, mizu ndi dothi lake zimabwerera m'dzenje mwamphamvu, ndipo ana amakonda kulowa m'dzenje lomwelo.

Musadule muli nokha, ndipo foni ikhale ndi mayunitsi. Bala la tcheni limataya magazi ambiri: finyani zolimba ndi nsalu yoyera, kwezani mkono kapena mwendowo, musatsegule kuti muone, ndipo galimoto ikhale yodziwika kale. Kwa a ku Workington, Rugare ndi Mbare, chipatala chachikulu chapafupi ndi cha Sally Mugabe Central ku Southerton, chimene ambiri amangoti pa Gomo.

Kwa inu olemba ganyu, mufunseni munthuyo akuonetseni maweji ndi chingwe chake asanakuonetseni sowo, ndipo akufotokozereni kumene mtengo wapendekera, kumene augwetsere, ndi kumene athawire. Akangoti musadandaule bambo, ndadula yambiri, mufunseni akuonetseni chitsa chimene anadula posachedwa. Chitsa cha munthu wodziwa chimakhala ndi mzere wa ulusi woduka kuchokera mbali ina kufika mbali inzake, cheko lakumbuyo lili lopingasa bwino. Chitsa chosalala paliponse ndi cha munthu amene anadula hinji n'kuchita mwayi. Gwirizanani pamaso pa mboni za amene alipire ngati denga kapena mpanda wa aneba waphwanyika, za amene atenge nkhuni, ndi za amene achotse masamba ndi tinthambi, chifukwa zikatayidwa mu ngalande za m'mbali mwa msewu madzi a mvula amalowa m'nyumba za anthu.

Chitsa cha bulugamu, jakaranda kapena indya sichifa. Pakangopita miyezi yochepa chimaphuka mphukira zambiri, ndipo mphukira zimenezi zimakula msanga koma zimangomera pakhungwa, moti zikatalika zimakhadzuka ndi mphepo mosavuta kuposa mtengo woyamba uja. Ngati simukufuna mitengo yomangira kapena nkhuni kuchokera pamenepo, muzizithyola zikadali zanthete kufikira chitsa chitatopa, kapena muchikumbe nthawi ya mvula nthaka ikadali yofewa. Musanayambe kukumba, dziwani pamene padutsa paipi ya madzi ndi ya suweji, pakuti m'nyumba zakale za ku Rugare ndi Mbare mizu nthawi zambiri imakhala itazinga mipaipiyo.